Kabawuti Kachinayi

Kathabwa kobiriwira ndidakamaliza Lachiwiri,
tizipangizo tonse nditatiwotcherera ndi mtovu,
timiyendo take nditatiwenga ngati zikhadabo za khanda.
Nditakayesa kali maliseche patebulo, kadapuma,
shiii, ngati mvula ikadali ku Chawe.
Lero ndi tsiku lokalowetsa m'nyumba yake.

Bokosi lidabwera nako kuchokera ku Joni
m'chikwama cha mlamu, pakati pa mabulangete,
komabe ngodya imodzi idafika yopindika.
Che Ndembo a kumsika, okhoma zidebe aja,
adaiwongola ndi kanyundo, ndalama nkukana:
"Ikadzayankhula mudzandiitane."

Pepala la malangizo likuti mabowo onse ndi olingana.
Pepalalo silidafikepo kuno ku Sadzi.
Bowo la kagudumu kosakira mawu laphonya
ndi kambewu ka mapira, basi,
koma kambewuko kandidyera masana onse:
tupa, kuuzira, kuyesa, tupanso,
fumbi la chitsulo mpaka m'kapu ya tiyi.

Folo koloko magetsi thi!
waya wofiira wa sipika ndisadalumikize,
ndiponso wafupika. Ndidaudula ndine,
modzikhulupirira, Lachiwiri lomwe lija.
Ndawotcha msomali pambaula, ndaupana ndi pulayala,
Mwandida wandigwirira tochi ya foni.
"Unika apa, mwana iwe, osati kumaso kwanga."
Mtovu wasungunuka monyinyirika
koma wagwira.

Tibawuti tomangira kathabwa tilipo tinayi.
Koyamba kalowa mwaulemu.
Kachiwiri kandivuta, kachitatu ndakanyengerera.
Kachinayi kathawa m'zala,
ndangomva nje! penapake, kamodzi kokha.

Tagwada pasimenti tonse awiri.
Takoka maginito a sipika yakale kunsi kwa kabati:
atola phini, ndalama yachitsulo yoti sigulanso kanthu,
ndi singano imene mayi ake akhala akundinamizira
chiyambire Pasaka.
Kabawuti osaoneka.

Pamwamba pa kabatiyo pali wailesi ya malemu bambo,
idasiya kuyankhula iwo asadasiye.
Ndaitembenuza, ndapepesa chamumtima,
ndamasula kamodzi kumsana kwake.
Mutu wake ndi wadzimbiri, mazinga ake ndi ena,
koma kalowa, ndipo kakhala
ngati mlendo amene wapeza mpando pamaliro.

Chivindikiro chakana kaye, chapana waya;
ndaupinda ndi chala chaching'ono, chavomera.
Khwa.
Zonse ndaziwotcherera masabata atatu zija
sizikuonekanso. Kwatsala kabokosi kotuwa,
magudumu awiri ndi kagalasi.
Ndamva chisoni pang'ono, sindinama.

Kunja chiperoni chatsika, phiri lonse labisala.
Eliyo ndidaimanga kale, kuyambira mumtengo wa mapeyala
kukafika pansungwi ya kumpanda kwa a Likaka,
amene mpaka lero akuti ndi chingwe choyanikira zovala
cha munthu wamtali kwambiri.
Ndalumikiza batire ya njinga yamoto.
Kagalasi kayaka.

Shiii. Likhweru. Shiii.
Ndapotoza pang'onopang'ono ngati wosenda dzira,
ndipo kuseri kwa phokosolo mwatuluka mkulu wina
akutchula zilembo m'Chipwitikizi, akutsokomola,
akuitana aliyense amene ali maso.
Kumuyankha sindingathe, chiphaso sichidatuluke.
Ndangogwedeza mutu ngati akundiona.

Mwandida wanyamula bokosi kuti amvetsetse,
walipendeka kufupi ndi khutu,
ndipo m'kati muja, pansi pa mawu a mkuluyo,
chinachake chagubuduka.
Nje.

Ndazula batire msangamsanga chisadapse china.
Mwana wagwa nazo pansi, tochi ikuvina kudenga,
mayi ake akufunsa kukhitchini ngati Azungu ayankha.
Ine ndikufufuza sikuludiraiva mumdima,
ndikuganiza zoti ndikatsegula
ka bambo kaja sindikachotsamo.
Kachinayi kakadikire m'kabotolo.
Mawa ndikaitane Che Ndembo.